Uvuni Umene Tinamanga ndi Achemwali

Achemwali anga anabwera kuchokera ku Lilongwe m'mwezi wa Juni, patapita zaka ziwiri chiyambireni sukulu yaulere. Galimoto ya matola inawatsitsa pamsewu waukulu, ndipo mwamuna wanga anakawatenga pa njinga. Katundu wawo anali chikwama chimodzi ndi mathileyi anayi ophikira masikono, atawakulunga m'chitenje chakale. Mipando, bedi ndi wailesi, achibale a malemu amuna awo anagawana maliro atangotha.

M'mimba mwa mayi athu tinabadwa awiri okha, iwo ndi ine. Mayi anali atamwalira kale, bambo anakakwatira kwina ku Zambia ndipo sitinkamva za iwo. Choncho achemwali analibe kwina kolowera koma kwathu kwa Mlonyeni, pamalo amene mayi anatisiyira. Ndinali nditatha zaka zitatu osawaona. Ndinkawakumbukira ali ojintcha, oyenda mwachangu, oti akaseka a nyumba yachitatu ankamva. Koma tsiku limenelo atatsika pa njinga, diresi inkangolendewera m'mapewa.

"Usandiyang'ane choncho iwe," anatero. "Ndi msewu wanditopetsa. Ndipatse madzi."

Dzina la matenda awo sitinalitchule tsiku limenelo, ndipo sitinalitchulenso tsiku lina lililonse. Nthawi imeneyo tinkangoti matenda a masiku ano. Amuna awo anadwala chaka chathunthu, kamwana kawo kamodzi kokha kanatsogola kasanayambe n'kuyenda komwe. Aliyense ankatha kudziwerengera yekha.

Chaka chimenecho pakhomo pathu panali povuta. Feteleza anali atakwera mtengo, fodya wathu anatuluka wopepuka, ndipo anagulidwa moipa. Tinali ndi ana atatu. Achemwali anakhala nafe sabata ziwiri akungoyang'ana mmene tinkakhalira. Kenako tsiku lina masana, mwamuna wanga akukonza tcheni cha njinga pakhonde, anamuitana.

"Alamu, chulu chili kumunda kwanu chija chili ndi mwini wake?"

"Mwini wake ndi chiswe, alamu."

"Ndiye mukachipemphe dothi. Ndikufuna mawilibala asanu, ndi njerwa zinatsala pomanga nyumba zija. Ine kudya zaulele sindinazolowere."

Ku Lilongwe anagwirapo ntchito zaka zisanu ndi chimodzi pamalo ena ophikira buledi. Ankati manja awo amadziwa fulawa kuposa mmene amadziwira khasu. Ine chimene ndinkadziwa ndi zitumbuwa ndi chigumu basi, ndipo ndinali ndisanagulitsepo kanthu m'moyo mwanga, kupatula mtedza ndi nkhuku.

Uvuni tinaumanga kuseri kwa khitchini, mkati mwa mpanda wa udzu. Achemwali anajambula pansi ndi kamtengo, mwamuna wanga n'kumayala njerwa, ine n'kumaponda dothi. Anatituma kutola mabotolo osweka, tinawayala pansi pa uvuniwo n'kuthira mchenga pamwamba, akuti ndiwo amasunga kutentha. Chitseko chinali chivindikiro cha mgolo wakale. Anthu odutsa ankasuzumira pampanda n'kufunsa ngati tikumanga khola la nkhunda. Titamaliza tinaudikira masiku asanu kuti uume. Mwamuna wanga anagulitsa mtedza wina umene tinasunga, n'kupalasa njinga mpaka kumalire, kumene fulawa wochokera ku Chipata ankapezeka wotsikirako mtengo. Anabwera madzulo ndi kathumba ka fulawa, shuga, yisiti ndi botolo la mafuta, nkhope yonse ili fumbi.

Masikono athu oyamba anatuluka akuda bii kunja, mkati muli mwawisi. Ndinaswa limodzi n'kuwaonetsa, misozi ili pafupi, chifukwa ndinkaganizira mtedza uja. Achemwali anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, n'kukhala pansi.

"Uvuni watsopano ndi mlendo," anatero atapezako mpweya. "Sitinadziwane naye. Perekani kwa nkhumba, mawa tiyesanso."

Mawa lake anandiphunzitsa kumva moto. Ukachotsa makala, uwaze kaufa ka mgaiwa pansi pa uvuni. Kakada nthawi yomweyo, dikira. Kakafiira pang'onopang'ono, lowetsa mathileyi. Anandiphunzitsanso kukanda, osati ndi zala ayi, koma ndi pachikhatho, thupi lonse likuthandiza. Ankakanda iwo kaye ine ndikuonerera. Manja awo anali owonda, mafupa akuoneka, koma akalowa m'beseni ankasanduka ena. Fulawa ankawamvera.

Ulendo wachitatu masikono anatuluka ofiira bwino, ofufuma, ogwirana m'mbali. Fungo linafika mpaka kumsewu. Bambo wina wa ku Zambia amene ankadutsa pa njinga atanyamula mabulangete anaima, n'kufuula ali pomwepo kuti, "Amai, mugulisa?" Achemwali ndiwo anayankha ali kuseri kwa mpanda kuti inde tikugulitsa. Bamboyo anadya awiri ataimirira, akuuzira chifukwa anali otentha, n'kutenga ena awiri a panjira. Ameneyo ndiye anali kasitomala wathu woyamba, ndipo sindinamuonenso.

Kuyambira pamenepo tinaika katebulo pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu, dengu pamwamba, titavindikira ndi nsalu yoyera. Aphunzitsi a pasukulu yapafupi anayamba kutuma ana nthawi ya buleki. Anthu opita kuchigayo ankagula. Kenako bambo wina wachikulire, Msilamu amene anali ndi tiyirumu pa msika wa kwathu, analawa limodzi n'kunena kuti tizimupititsira tsiku lililonse la msika.

Miyezi inayi kapena isanu imeneyo ndi imene ndimaikumbukira bwino. Achemwali ankadzuka kunja kukungoyera, n'kuyamba kuyimba nyimbo za kwaya akukanda. Anayambanso kupesa tsitsi, kudzola mafuta. Nkhope inabwererako. Ankandikalipira ngati kale tili atsikana, ndikaiwala mchere kapena ndikatsegula chitseko cha uvuni nthawi isanakwane. Pakhomo panayamba kupezeka sopo ndi mchere popanda kukapempha kwa anzathu. Ndinayamba kuganiza kuti mwina tonse tinalakwitsa powerengera paja, mwina unalidi msewu umene unawatopetsa.

Mvula itatsala pang'ono kuyamba, anatuluka mashingozi. Anayambira pakhosi n'kukwera mpaka patsaya, pamalo oti sungabise ndi nsalu. Zilonda zinapola, koma zipsera zinatsala, ndipo thupi linayambanso kutsika. Anthu a m'mudzi anaona. Palibe anatiuza kanthu pamaso. Koma dengu linayamba kubwerera kunyumba lili ndi theka. Aphunzitsi ankadutsa n'kupereka moni wabwinobwino, osaima. Kumjigo ndikafika nkhani inkasintha.

Amene ananena mosabisa anali bambo wa tiyirumu uja. Ndinamupititsira masikono monga mwa nthawi zonse, iye n'kundiitanira pambali.

"Mayi, ine masikono anu ndilibe nawo vuto. M'mawa uno ndadya ndekha. Koma anthu ayamba kufunsa kuti ndi a kwa yani. Ndikawauza, akumwa tiyi wopanda kanthu."

"Ndiye mukuti ndisiye kubweretsa?"

"Ayi. Bweretsani ochepa, tione mmene zikhalire. Ndangoti mudziwe, musamadabwe."

Ine ndinkadziwa kuti matendawa safala kudzera m'chakudya. Pa wailesi ankanena, kusikelo ya ana anatiuzanso kangapo. Kwathu tinkadyera m'mbale imodzi, ana anga ankagona pamiyendo ya mayi awo aakulu, ndipo sindinaopepo. Ndikunena zimenezi kuti amene akuwerenga asaganize kuti ndinachita zotsatirazi chifukwa cha umbuli.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi wina wa kumpingo kwathu, mkazi wa mmodzi mwa aphunzitsi aja. Mwana wake wamkazi anali ndi ukwati, ndipo ankafuna masikono ambiri a alendo, ochuluka kuposa amene tinkaphika sabata yathunthu. Tinaima kutsogolo kwa khitchini. Achemwali anali kuseri kwa mpanda, akukanda. Mayiyo sankawaona, koma ine ndinkadziwa kuti ali pomwepo, chifukwa ndinali nditangochoka kumene pambali pawo.

Titagwirizana za tsiku, mayiyo anatsitsa mawu.

"Mundikhululukire kufunsa. Amakanda ndani?"

"Ndimakanda ndine."

"Nanga odwala aja?"

"Iwo sagwira chilichonse," ndinatero. "Kukhitchini salowako n'komwe. Ali ndi mbale yawoyawo ndi kapu yawo."

Mawuwo anatuluka mosavuta, ngati ndinawakonzekera kale. Ndipo ine sindinatsitse mawu monga anachitira iye. Mayiyo anapuma mpweya womasuka, anandithokoza n'kumapita.

Ndinaima pamenepo kanthawi ndisanazungulire mpanda. Nditafika ndinapeza achemwali akupala fulawa m'zala zawo ndi kumbuyo kwa supuni, chala chimodzichimodzi, mosafulumira.

"Ndafika pakati," anatero osandiyang'ana. "Malizitsa. Usathirenso madzi, akwana."

Anasamba m'manja n'kukakhala pakhonde. Masana, nthawi ya chakudya, anatenga mbale yachikasu ya pulasitiki ndi kapu ina yosupuka m'mlomo, n'kumanga kaulusi pa chogwirira chake. Atadya anazitsuka okha n'kukaziika pawindo la chipinda chawo.

Mwamuna wanga anadabwa. "Alamu, n'chiyani chimenechi?"

"Palibe, alamu. Ndangoikonda kapuyi."

Iye anatembenukira kwa ine. Madzulo ake tikuchokera kumunda ndinamuuza zonse. Anayenda kamtunda, khasu lili paphewa, kenako anati, "Kwa mayi uja mawuwo sungakawatengekonso. Koma alamu ali pakhomo pomwepa. Kalankhule nawo."

Zinanditengera masiku atatu. Ndinawapeza akusenda mtedza pamphasa, ndipo ndinakhala pambali pawo.

"Achemwali, zija ndinanena kwa mayi aja..."

"Ukanati chiyani?" anandidula. "Ukananena zoona, ukwati uja ukanapita kwa wina. Ana ako akanadya chiyani? Malonda ndi choncho."

"Koma linali bodza."

"Linali. Pano si bodzanso." Anapitiriza kusenda mtedza. "Usadzanamenso kwa kasitomala. Akadzakugwira kamodzi, basi watha. Ndiye ine ndakukonzera."

Sanakweze mawu, sanaonetse mkwiyo. Zikanakhala bwino akanandilalatira monga ankachitira ndikaiwala mchere. Ndinalira, iwo n'kundipatsa mtedza wodzaza dzanja kuti ndiwathandize kusenda.

Masikono a ukwati ndinaphika ndekha, masiku awiri, msana mpaka kuuma. Anthu anadya n'kuyamikira. Mayi uja ayenera kuti anauza anzake zimene ndinamuyankha, chifukwa pasanathe mwezi dengu linayambanso kubwerera lopanda kanthu. Aphunzitsi anayambiranso kutuma ana. Bambo wa tiyirumu anati ndibwezere mulingo wakale. Malonda anadzuka, ndipo ndinkadziwa chimene chinawadzutsa.

Achemwali sanakhudzenso fulawa. Ankayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, patali ndi uvuni, pamalo oti aliyense wodutsa awaone kuti ali patali. Ankandiphunzitsa ali pomwepo, ndi maso ndi mphuno. "Tulutsa, apsa," ankatero, ine ndisanamve n'fungo lomwe. Anandiuza zochita kukazizira fulawa akamachedwa kufufuma, kusiyanitsa yisiti wabwino ndi wakufa, nkhuni zoyenera ndi zimene zimanunkhitsa utsi, kapangidwe ka mabanzi. Ankandifunsa mobwereza ngati mwana wa sukulu, ndikalakwitsa n'kundibwerezetsa. Ankafulumira. Ndinkaona kuti akufuna atulutse zonse zimene zinali m'mutu mwawo nthawi ikadalipo.

Chimene chinkandipweteka ndi manja awo. Ankawaika pamiyendo, opanda chochita. Nthawi zina ndikamakanda ndinkaona zala zawo zikufinya chitenje, kutsatira mmene ndinkachitira ine. Kuyimba anasiya. Sindinganene kuti mawu anga ndiwo anawapha, matenda aja analibe mankhwala nthawi imeneyo. Koma ndinaona ndi maso anga kuti munthu amene ankadzuka kunja kukungoyera anayamba kudzuka dzuwa litakwera, ndipo kenako ankangodzuka chifukwa ndawadzutsa.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi ndinatseka chipata cha mpanda, ndinathira fulawa m'beseni laling'ono n'kukawaikira pamiyendo.

"Kandani, achemwali. Awa si ogulitsa, ndi odya ife pakhomo."

Anayang'ana m'besenimo nthawi yaitali. Anaweramira n'kununkhiza. Kenako analikankha pang'ono ndi kumbuyo kwa dzanja.

"Mphamvu zinatha, mng'ono wanga. Ukanabwera nalo mwezi watha."

Pambuyo pa Khirisimasi anayamba kutsegula m'mimba osaleka. Tinawatengera kuchipatala cha pa boma, ndipo ndinakhala nawo kumeneko sabata ziwiri, ndikugona pansi pambali pa bedi lawo. Uvuni unazima. Anamwino anachita zimene akanatha, kenako anatiuza mofatsa kuti ndi bwino tikawasamalire kunyumba. Mwamuna wanga anabwereka ngolo kuti iwatenge kuchokera pamsewu, chifukwa pa njinga sakanathanso kukhala.

Masiku otsalawo ndinkawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala. Kapu ya kaulusi ija ankaiumirirabe. Tsiku lina ndinathiramo thobwa, ndinamwako ine kaye iwo akuona, kenako n'kuwapatsa. Anandiyang'ana, milomo ikumwetulira pang'ono.

"Ukuonetsa ndani?"

"Palibe. Ndili ndi ludzu."

"Wakula tsopano," anatero, n'kumwa.

Anamwalira m'mwezi wa Febuluwale, m'mawa, mvula ikuwaza, chimanga chitayamba ngaiyaye. Ndinali nditatuluka kukataya madzi. Pobwerera ndinapeza mwamuna wanga ataima pakhomo la chipinda, chipewa chili m'manja.

Pamaliro panabwera anthu ambiri. Bambo wa tiyirumu anatseka malo ake tsiku limenelo, anabwera ndi shuga ndi masamba a tiyi, n'kukhala nawo limodzi ndi amuna anzake mpaka kumanda. Mayi wa ukwati uja anabweranso, anatunga madzi, anaphika, ndipo ndiye ankatsogolera nyimbo. Anthu ena amaganiza kuti ndinamusungira chakukhosi. Ayi. Iye anangofunsa zimene mudzi wonse unkafunsa. Woyankha ndinali ine.

Patatha mwezi ndinayatsanso uvuni, chifukwa ana ankafunika kudya ndipo chimanga chinali chisanache. Ndinapitiriza kuphika zaka zambiri. Chaka cha njala yaikulu ija, anthu akudya gaga ndi mizu, ndinaima kaye chifukwa panalibe wogula, kenako ndinayambiranso. Uvuni unagwa kawiri ndi mvula, tinaumanganso pamalo omwewo n'kuika kadenga ka malata. Ana anga onse atatu anafika ku sekondale. Amayi ena awiri a m'mudzi anabwera kudzaphunzira, ndipo ndinawaphunzitsa popanda kubisa kanthu.

Mankhwala otalikitsa moyo anafika kwathu patapita zaka zingapo. Mayi wina woyandikana nafe, amene anali atafooka kwambiri, anandipempha kuti ndimuperekeze kuchipatala cha pa boma kukayamba kulandira, chifukwa abale ake ankachita manyazi. Tinapita m'mawa. Ndinapeza anthu ambiri atakhala pamabenchi, ena owonda, ena athanzi loti sungadziwe, akucheza za mitengo ya feteleza ndi za mpira. Mayi wina wonenepa bwino ankalimbikitsa mnzanga uja kuti asaope, iyenso anabwera atanyamulidwa, pano akulima yekha. Ndinkayembekeza kuti ndisangalala. Koma ndinatuluka panja, ndinakhala pansi pa mtengo n'kuyamba kuwerenga ndi zala zaka zimene zinapita chimwalirireni achemwali. Sizinadzaze manja awiri.

Mnzanga uja atatuluka ndi botolo lake la mankhwala anandipeza pomwepo, n'kufunsa ngati ndadwala. Ndinati ayi, ndi dzuwa. Tinayenda pang'onopang'ono mpaka kudepoti, iye atagwira mkono wanga, n'kukwera minibasi yobwerera kwathu. Mnzangayo alipo mpaka lero, ali ndi zidzukulu zinayi.